Gallipoli pa tsiku limodzi: ulendo ndi wabwino, koma za kutuluka kwa asilikali mufunse nokha

Amene mumapita ku Istanbul kukapikula zovala ku Laleli kapena ku Merter mukudziwa kuti pamakhala tsiku lina lomwe katundu mwapereka kale kwa otumiza koma tsiku la ndege silinakwane. Makampani ambiri a m'dera la Sultanahmet amagulitsa ulendo woyenera tsiku lotero: kupita m'mamawa ku Gallipoli, komwe asilikali a Britain, France, Australia ndi New Zealand anamenyana ndi a Turkey mu 1915 pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, n'kubwerako usiku womwewo. Ine ndinapita ndi mayi a kunyumba, omwe ndiwo amachita bizinesi ya masuti. Ndinene msanga kuti ndalama yathu sinapite pachabe. Dandaulo langa lalikulu ndi limodzi. Ulendowu anaukonza kuti ukuonetseni mmene asilikali anafikira pagombe ndi mmene anafera m'mapiri. Mmene anachokerapo, yomwe kwa ine ndiyo ntchito ya usilikali yaluso kuposa zonse zimene zinachitika kumeneko, amangoitchula modutsa, ndipo mukapanda kufunsa mudzabwerako musanaimve.

Ndinagwira ntchito ya usilikali mpaka kupuma ndili sajeni. Aliyense amene anaphunzirako ku Salima angakuuzeni kuti kuukira n'kophweka poyerekeza ndi kuchoka pamalo usiku mdani ali pamphuno. Poukira magazi amakhala atatentha, mnzako akadzuka nawenso umadzuka. Pochoka, mtima wa munthu aliyense umafuna kukhala woyamba kutsika, ndipo amene watsala m'ngalande amadziwa kuti anzake akucheperachepera kumbuyo kwake. Ntchito ya sajeni usiku wotero ndi kuonetsetsa kuti munthu sakusuntha mphindi yake isanakwane.

Asilikali ali ndi mawu akuti exfiltration, ena amangodula n'kuti exfil. Amatanthauza kuchotsa anthu m'dera lomwe mdani akulilamulira kapena kuliyang'anira, mozemba ndi mopusitsa, iye osadziwa kuti mwachoka. Mnzake wa mawuwa ndi infiltration, kulowa mozemba. Kubwerera m'mbuyo mukuwomberana, mdani akukuonani ndi kukulondolani, ndi nkhani ina. Kawirikawiri exfiltration imanenedwa pa anthu ochepa: kagulu komwe kanapita kukazonda, woyendetsa ndege amene wagwera kuseri kwa adani, kapena kazitape, monga mmene Angerezi anatulutsira Oleg Gordievsky ku Soviet Union mu 1985 atamubisa kubuti ya galimoto mpaka kulowa naye mu Finland. Mabuku a mbiri akamanena za Gallipoli amagwiritsa mawu ena, akuti evacuation, chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ake. Koma njira zake ndi zomwezo, kungoti kumeneko anazichita ndi anthu oposa 80,000 nthawi imodzi, adani ali pamtunda woti akhoza kumva munthu akutsokomola. N'chifukwa chake ndinkafunitsitsa kuponda malowo ndi mapazi anga.

Minibasi inatitenga pahotela kusanache bwino. Msewu umatsata nyanja ya Marmara kudzera ku Tekirdağ, kenako n'kukhotera kumwera kulowa m'dera lalitali lopyapyala lomwe lili ndi madzi uku ndi uku. Ndi maola pafupifupi asanu. Tinaima panjira kumwa tiyi wopanda mkaka wa m'timatambula ting'onoting'ono, ndi simit, buledi wozungulira wowazidwa chitowe. Mukadutsa tauni ya Gelibolu mumaona mlatho waukulu wa 1915 Çanakkale, womwe anautsegula mu 2022, ndipo pakati pa nsanamira zake ziwiri pali mamita 2,023. Dalaivala anayendetsa bwino, sanathamange. Mipando yokha ndiyo inali yothinana, munthu wamtali maondo amagunda mpando wakutsogolo ulendo wonse. Nkhomaliro tinadya ku Eceabat, tauni yaing'ono yoyang'anizana ndi Çanakkale kutsidya: supu wa mphodza, nkhuku, mpunga ndi saladi. Chakudyachi chinali m'mtengo wa tikiti, zakumwa tinalipira patokha. Chinali chotentha ndi chokwanira, palibe chodandaula.

Ku Eceabat n'komwe tinakumana ndi wotitsogolera, bambo wachikulire ndithu wa komweko, wolankhula Chingerezi chomveka bwino. Ananyamula mapu ndi zithunzi zakale zomatidwa m'pulasitiki kuti mphepo isang'ambe. Gulu lathu linali la anthu a ku Australia ndi New Zealand, ena atagwira mapepala osonyeza manda a abale awo. Anthu akuda tinalipo awiri, ine ndi mayi.

Bamboyu ntchito yake amaidziwa. Tisanakwere phiri anatiyalira mapu pansi n'kufotokoza chifukwa chomwe nkhondo inafikira kumeneko: Angerezi ndi Afalansa ankafuna kutsegula njira ya pamadzi ya Dardanelles kuti akafike ku Constantinople, yomwe lero ndi Istanbul, ndi kulumikizana ndi Russia, ndipo Winston Churchill anali mmodzi mwa olimbikitsa ganizoli. Pa 18 Malichi 1915 sitima zawo zankhondo zinayesa kudutsa, zitatu zinamira, makamaka chifukwa cha mabomba omwe kasitima ka Nusret kanatchera m'madzi. Zitakanika apo ndi pamene anatsitsa asilikali pamtunda pa 25 Epulo. Anatitengera ku Brighton Beach, kumanda a Beach Cemetery komwe kuli manda a John Simpson Kirkpatrick uja ankanyamula ovulala pabulu, kenako ku Anzac Cove penipeni, gombe lomwe anatsikirapo asilikali a ku Australia ndi New Zealand, otchedwa Anzac. Gombe lake ndi laling'ono modabwitsa, mamita pafupifupi 600 m'litali, ndipo kumbuyo kwake phiri limangoyamba pomwepo. Sanakondere mbali iliyonse. Akamanena za asilikali a Turkey ankati Mehmetçik, dzina lachikondi lomwe kwawoko amaitanira msilikali wamba, ndipo akamanena za a ku Australia mawu ake sankasintha.

Titafika ku North Beach, pomwe masiku ano pamachitikira mwambo wa m'bandakucha wa pa 25 Epulo, anayamba kutisonyeza thanthwe lomwe asilikali ankalitcha Sphinx ndi kutiuza kuti tijambule zithunzi msanga tikwere. Apa ndi pamene ndinafunsa. Ndinati, bambo, si pano pomwe boti lomaliza linanyamukira? Anandiyang'ana, n'kuti nkhani imeneyo amakonda kuikamba m'basi pobwerera chifukwa nthawi imachepa. Ndinamupempha kuti aikambe pomwepo, maso athu akuona njira zomwe anthuwo anatsikira. Anavomera, ndipo mphindi zochepa zimenezo ndizo zinandibwezera ndalama yanga yonse.

Pofika Okutobala 1915 zinali zitadziwika kuti palibe kopita. Miyezi isanu ndi umodzi ya nkhondo, mzere wakutsogolo ku Anzac unali udakali pafupifupi kilomita imodzi kuchokera kunyanja. Boma la ku London litafunsa mkulu wa asilikali, Ian Hamilton, kuti kuchoka kungadye anthu angati, iye anati mwina theka la gulu lonse. Anamuchotsa n'kuika Charles Monro, yemwe atangoona malowo anati achoke basi, ngakhale nayenso ankayembekezera kutaya anthu ambiri. Lord Kitchener, nduna ya za nkhondo ya Britain, anabwera yekha mu Novembala kudzaona, ndipo anagwirizana nazo. Kumapeto kwa mwezi womwewo kunagwa chimvula chomwe chinadzaza ngalande, kenako chisanu choopsa ndi sinowo, ndipo ku Suvla, gombe la kumpoto kwa Anzac, anthu mazana angapo anafa ndi madzi ndi kuzizira. Pa 7 Disembala boma linalamula kuti Anzac ndi Suvla asiyidwe. Dongosolo la ku Anzac analemba ndi Cyril Brudenell White, mmodzi mwa akuluakulu a asilikali a ku Australia.

Chimene White anachita poyamba ndicho chimandigwira mtima kwambiri. Kumapeto kwa Novembala, lamulo lochoka lisanabwere n'komwe, asilikali analamulidwa kukhala chete kwa masiku angapo: osawombera, osaponya bomba, mizinga zii. Asilikali a Turkey anadabwa, ena anatuluka m'ngalande kudzasuzumira, ndipo atayandikira anawomberedwa. Phunziro linalowa: bata la tsidya ilo silitanthauza kuti kulibe anthu. Ndiye usiku womwe bata linakhala lenileni, palibe amene analakalaka kupita kukayesanso. Mdani ukafuna kumupusitsa tsiku limodzi, uyenera kuyamba kumuzoloweretsa milungu ingapo m'mbuyo. Zimenezi ife tinkaphunzitsidwa m'kalasi, koma sindinaonepo chitsanzo choyera ngati ichi.

Kenako anayamba kupungula anthu. Usiku uliwonse maboti ankanyamula odwala, ogwira ntchito za kumbuyo, mizinga ina, nyulu ndi katundu, kupita nawo ku zilumba za Lemnos ndi Imbros. Imbros, yomwe lero imatchedwa Gökçeada, tinkaiona bwinobwino tili chiimire pagombepo. Masana zonse zinkaoneka monga mwa masiku onse, chifukwa oyang'ana a Turkey anali pamwamba ku Kabatepe ndi m'mapiri ndi zoonera patali. Mahema opanda anthu anasiyidwa chiimire, moto unkasonkhedwa m'malo momwe munalibenso wophika, nyulu zinkakwera phiri ndi mabokosi opanda kanthu, ndipo anthu ena ntchito yawo inali kungoyendayenda poonekera akusuta fodya. Pa 17 Disembala anasewera kriketi pamalo otchedwa Shell Green, mabomba akudutsa pamwamba. Pofika pa 18 Disembala, mwa anthu oposa 40,000 omwe anali ku Anzac kunatsala pafupifupi 20,000, ndipo amenewa anagawidwa pawiri, theka usiku woyamba, theka usiku wachiwiri.

Wotitsogolera anatiloza mtunda wa Walker's Ridge, womwe umatsika kuchokera pamwamba kudzafika pafupi ndi pomwe tinaima. Ndinauyang'ana ndi maso a munthu amene anayendetsapo asilikali usiku. Ndi msana wopyapyala, phompho uku phompho uko, dothi lake lofumbutuka. Masana omwe ungatsike utagwira tchire. Iwo anatsika usiku, mfuti paphewa, osayatsa nyali, osalankhula. Njira anazilemba ndi ufa ndi mchere kuti mzere woyera uzioneka pansi. Majombo anawakulunga ndi masokosi ndi nsanza za matumba, pansi pa ngalande ndi pamatabwa a doko anayalapo mabulangete. Gulu lililonse linali ndi mphindi yake yonyamukira ndi njira yake, ndipo panjira panali oima owerenga anthu. Mwezi unali utatsala pang'ono kukhwima, nyanja inali bata. Tsiku lotsatira kunabuka namondwe amene anaphwanya madoko aja. Akanachedwa ndi usiku umodzi, nkhani ikanakhala ina.

Tikubwerera ku minibasi mayi anandinong'oneza kuti, "Bambo, tisazungulire, anthuwa anathawa basi." Ndinawayankha kuti, "Mayi, wothawa sayala bulangete padoko." Anagonja, zimenezo n'zoona, ndipo palibe chifukwa chozipaka mafuta. Turkey inapambana nkhondo ya Gallipoli, inateteza dziko lake, ndipo inataya ana ake ochuluka kuposa mtundu wina uliwonse umene unamenya nawo kumeneko. Koma pothawa aliyense amaona msana wa njira yekha, wamphamvu amaponda wofooka, ovulala amasiyidwa. Pano panali ndandanda, panali madokotala omwe anakonzeka kutsalira ndi ovulala ngati zinthu zikanavuta, ndipo asilikali ankalimbirana kuti aikidwe m'gulu lomaliza, lomwe aliyense ankaganiza kuti silidzafika kunyanja.

Kukwera pamwamba ndi komwe munthu amamvetsa kukula kwa nkhaniyi. Ku Johnston's Jolly ngalande zakale zidakalipo pansi pa mitengo ya paini, zakwiririka pang'ono koma ukhoza kulowamo, ndipo pakamwa pa mapanga omwe ankakumba kulowera pansi pa adani pakuonekabe. Msewu wa tala womwe minibasi imadutsamo ndiwo unali malire: mbali iyi a ku Australia, mbali iyo a Turkey. Ndinatsikira m'ngalande imodzi, inandilekeza m'chiuno, pansi pali masamba ouma a paini oterera. Mayi anaima tsidya lina la msewu akulankhula ndi mayi wina wa ku New Zealand ndi mawu wamba, osakweza, ndipo ndinkamva liwu lililonse. Chapatsogolo pang'ono, ku Quinn's Post, ngalande zinayandikana kuposa pamenepo, ngati kuchoka pakhonde la nyumba kukafika kukhitchini ya kuseri. Tsono ganizirani malo otero, momwe munkakhala anthu mazana, mutatsala anthu owerengeka, aliyense akuyenda kuchoka pakona iyi kupita pakona iyo, kuwombera kamodzi apa, kuponya bomba apo, kuti tsidya lija lizimva ngati onse alipo.

Pamenepa wotitsogolera anationetsa chinthu chomwe alendo amachikonda kwambiri, mfuti yodziwombera yokha. Anatenga mabotolo awiri a madzi, limodzi pamwamba, lina pansi, n'kufotokoza ndi manja. Mfuti ankaimangirira pamatumba a mchenga italoza kwa adani. Chitini cha madzi chobooledwa kabowo kakang'ono chinkakhala pamwamba, madzi n'kumadonthera m'chitini china chomangidwa ndi chingwe ku kachitsulo kowombera. Chapansicho chikalemera, chinkakoka chingwe, mfuti n'kulira, mwini wake ali kale pagombe. Anaitulukira ndi William Scurry, msilikali wa udindo wochepa wa m'gulu la 7th Battalion la ku Australia, ndipo anapatsidwa mendulo chifukwa cha nzeru imeneyi. Gulu lonse linasangalala, mafoni m'mwamba.

Nzeruyo ndi yabwino, sindikutsutsa, koma ndikuona kuti otsogolera alendo amaikweza kuposa muyeso wake. Mfuti ya Lee-Enfield ikawombera imafuna dzanja loti likoke chitsulo kuti chipolopolo china chilowe. Popanda munthu, mfuti iliyonse inkalira kamodzi kokha basi. Ntchito yake inali kuphimba mphindi zomaliza zokha, pakati pa kuchoka kwa munthu womaliza m'ngalande ndi kufika kwake paboti. Chimene chinapulumutsa anthu masauzande ndi mwambo: anthu 40,000 kusunga chinsinsi, kumvera mphindi, kupirira chifuwa osatsokomola m'nyengo yozizira chotero. Zimenezi sizijambulika pafoni, n'chifukwa chake sizipatsidwa nthawi.

Ku Lone Pine tinakhalitsa, ndipo m'pomveka, chifukwa ndi pomwe ambiri a m'gulu lathu anadzera. Nkhondo ya pamalopo inali ya pa 6 mpaka 10 Ogasiti 1915, yomenyana m'ngalande zofoleredwa ndi mitengo, ndipo anthu asanu ndi awiri analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya Britain yopatsa asilikali olimba mtima. Pakhoma la chikumbutso pali mayina a omwe manda awo sadziwika. Wotitsogolera anatiloza dzina la James Martin, yemwe anamwalira ndi matenda a tayifodi ali ndi zaka 14. Mayi anayenda m'mizere ya manda akuwerenga zaka, 19, 21, 18, kenako anabwera n'kuti, "Bambo, awatu anali ana." Australia inataya anthu oposa 8,700 ku Gallipoli, New Zealand pafupifupi 2,800. Ndinauza wotitsogolera kuti manda amenewa nawonso ali m'nkhani ya kuchoka, ndipo anavomera: masiku omaliza asilikali ankapita awiriawiri kukakonza manda a anzawo, kuwongola mitanda, kuika miyala m'mbali, ndipo m'busa wina wa asilikali, Walter Dexter, anayenda m'manda akuwaza njere za mtengo wa kwawo wa wattle. Ife Achewa tikudziwa kulemera kwa kusiya manda a m'bale m'manja mwa alendo. Ambiri mwa anyamata aja chinkawapweteka kwambiri ndi chimenecho, kuposa mantha a usikuwo. Lero manda onsewo akusamalidwa ndi Commonwealth War Graves Commission, udzu wometedwa, maluwa othiriridwa, pa nthaka ya anthu omwe anabwera kudzawathira nkhondo.

Ku The Nek ndi kachigawo kopapatiza komwe pa 7 Ogasiti asilikali a 3rd Light Horse Brigade anatumizidwa mizere inayi motsatizana kukakumana ndi mfuti za chiwaya, ndipo oposa 200 anafa m'mawa umodzi. Wotitsogolera anaikamba bwino nkhaniyi, mwaulemu. Chimene sananene mpaka nditamukumbutsa n'chakuti malo omwewa ndi pomwe panachitikira chinthu chomaliza cha usiku wa pa 19 kulowa pa 20 Disembala. Cha m'ma 3:30 m'bandakucha, anthu omaliza atachoka ku Russell's Top, anaphulitsa mabomba omwe anawakwirira m'mapanga pansi pa ngalande za Turkey, ndipo asilikali a Turkey makumi angapo anafera pomwepo. Mzere wonse wa Turkey unayamba kuwombera mwamphamvu, kuwombera ngalande zopanda munthu. Itangopitirira 4 koloko boti lomaliza linachoka ku North Beach. Ku Anzac ndi ku Suvla anatuluka pafupifupi osataya munthu. Ine kuphulitsa kuja sindikuona chifukwa chake. Anthu anali atatuluka kale, nkhondo ya pamalopo inali itatha, ndipo omwe anafa anali ana a eni ake ngati omwe aja a ku Lone Pine. Ndinanena zimenezi mokweza ndipo bambo wina wa ku Australia anagwedeza mutu movomereza.

Ndinafunsanso ngati akuluakulu a Turkey sankadziwadi. Wotitsogolera anati kwawoko alipo amene amakhulupirira kuti ena ankakayikira koma anangowasiya apite, poti mdani amene akuchoka yekha sufunika kutayirapo ana ako. Mustafa Kemal, mtsogoleri wa asilikali a Turkey yemwe anatchuka pamapiri omwewa n'kudzatchedwa Atatürk pambuyo pake, anali atachoka kale pa 10 Disembala chifukwa cha kudwala. Koma mkulu wa gulu lonse la Turkey kumeneko, Mjeremani Liman von Sanders, anavomera yekha pambuyo pake kuti sanadziwe mpaka mapeto. Ine ndili kumbali imeneyo. Msilikali amene akudziwa kuti ngalande ilibe munthu saiwonongera zipolopolo usiku wonse.

Tsopano zolakwika. Pepala lotsatsa malonda linkati tikaona mabwalo a nkhondo a Gallipoli, koma tinaona chigawo cha Anzac chokha. Suvla tinangoionera patali, nyanja yake ya mchere ikuyera kumpoto. Ku Helles, kumapeto kwenikweni kumwera, sitinapiteko, ndipo kwa munthu wofuna nkhani ya kutuluka mozemba uku n'kuperewera kwakukulu. Ku Helles asilikali pafupifupi 35,000 anachoka pomaliza, otsiriza mwa iwo usiku wa pa 8 kulowa pa 9 Januwale 1916, mdani atapusitsidwa kale kamodzi, akudziwa bwino chomwe chikubwera, ataunjika mizinga yake yonse mbali imodzi. Pa 7 Januwale a Turkey anaukira kuti ayese ngati mzere wapepuka, anabwezedwa, ndipo anaganiza kuti Angerezi adakali ambiri. Usiku womaliza nyanja inawinduka, komabe anatuluka. Nyulu ndi akavalo mazana omwe sakanatha kuwanyamula anawapha pagombe. Kupusitsa munthu kachiwiri ndi njira yomweyo n'kovuta kuposa koyamba, ndipo ulendo wathu sunaperekeko ngakhale mphindi imodzi ku nkhani imeneyi.

Ku Helles komweko, pamwamba pa Morto Bay, kuli manda a Afalansa, ndipo m'menemo mwagona asilikali a ku Senegal ndi madera ena a Africa omwe anamenya nkhondo pansi pa mbendera ya France. Wotitsogolera sanawatchule. Sanatchulenso Amwenye oyendetsa nyulu, omwe ankakweza madzi ndi zipolopolo m'mapiri usiku ndi usiku, ndipo ndi omwewo ankakweza mabokosi opanda kanthu aja masiku omaliza. A Gurkha, asilikali a ku Nepal, omwe anafika pamwamba pafupi ndi Chunuk Bair mu Ogasiti, anawatchula kamodzi. Zinandikhudza chifukwa chaka chomwecho cha 1915 agogo athu ankasenza katundu wa nkhondo yomweyi ngati amtengatenga kulowera ku Karonga, ndipo nawonso satchulidwa kawirikawiri. Ndikumvetsa kuti malonda amatsata amene akulipira, ndipo olipira ambiri ndi a ku Australia ndi New Zealand. Komabe mawu awiri atatu sakanamuchedwetsa.

Nthawi nayo sinagawidwe bwino. Pamanda a 57th Regiment ya Turkey, gulu lomwe Mustafa Kemal analiuza pa 25 Epulo kuti sakulilamula kuukira koma kufa, tinangoima pang'ono, ndipo ndinaona kuti wotitsogolera mwiniyo ankafuna kunena zambiri koma ankayang'ana wotchi. Pa Chunuk Bair, pomwe a Turkey amati Conkbayırı, tinafika dzuwa litapendeka, mabasi a ana a sukulu ali mbwee, ogulitsa zikumbutso akuitanira. Apa ndi pamwamba pomwe asilikali a Wellington Battalion motsogozedwa ndi William Malone anafika pa 8 Ogasiti n'kuona madzi a Dardanelles, asanachotsedwepo anzawo omwe anawalowa m'malo pa 10 Ogasiti. Chipilala cha New Zealand ndi chifanizo cha Atatürk zaima moyandikana. Ndi malo oti munthu ukhale pansi uyang'ane mbali zonse, koma tinapatsidwa nthawi yongokwanira kujambula ndi kupita kuchimbudzi, chomwe n'cholipira, choncho sungani ndalama zachitsulo m'thumba. Mphepo ya pamwambapo ndi yolasa ngakhale kunja kuli dzuwa, tengani jekete. Nsapato zikhale zotseka, zogwira pansi. Ku Istanbul tinafika cha pakati pa usiku, titatopa kwambiri, ndiye ngati ndege yanu ndi ya m'mawa wotsatira musayerekeze.

Kwa munthu amene akungofuna kuona malo otchukawa ndi kumva mbiri yake mwachidule, ulendo wa tsiku limodziwu ndi wokwanira, ndipo wotitsogolera ngati amene tinapeza ife ndi woyenera kumupatsa kangachepe pamwamba. Kwa asilikali anzanga, opuma ndi omwe mudakali pantchito, ndi aliyense amene nkhani ya kutuluka mozemba imamukoka, ndikulangizani kuti mugone ku Eceabat kapena muwoloke pa pantoni mukagone ku Çanakkale, ndi ulendo wosakwana theka la ola pamadzi. Tsiku loyamba tsatani gulu, tsiku lachiwiri lembani wokutsogolerani wanuwanu. Mumuuze akufikitseni ku Helles ndi ku Suvla, ndipo ngati miyendo ilipo, akuperekezeni wapansi kuchokera ku The Nek kudzera ku Russell's Top ndi Walker's Ridge, muone nokha njira yomwe omaliza aja anatsikira. Pogula tikiti ku Istanbul funsani musanalipire ngati Helles ilimo mu ulendowo. Akayamba kuyankha mozungulira, dziwani kuti mulibe.